Murta wa pa kashopu ka zitsamba ku Ulongwe: masamba gulani, mafuta asiyeni

Kuseri kwa msika wa ku Ulongwe, mukadutsa mabanka a nsomba zouma ndi a kaunjika, pali kashopu ka zitsamba kopanda chikwangwani. M'menemo amagulitsa zinthu zitatu zochokera ku chitsamba chimodzi chotchedwa murta: masamba ouma, tizipatso touma ndi mafuta a m'kabotolo. Zonse zitatu ndagulapo ndi ndalama za m'thumba mwanga. Masamba ndi abwino ndipo sakudula. Tizipatso tinali togonera kalekale. Mafuta ndi enieni ndithu, koma kwa munthu wa kuno ku Angónia, ku Mozambique, kuwagula ndi kutaya ndalama.

Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale cha ku Domwe. Amene mumadziwa kuno mukudziwa mmene Juni ndi Julayi amachitira: m'mawa chisanu chili mbuu m'madimba, mphepo ikulowa pa mazenera opanda magalasi, iwe ukukuwa kuti ana a kumbuyo amve, fumbi la choko likulowa kukhosi. Pofika pakati pa sabata mawu amakhala atasasa. Chimene chimandizunza kwambiri ndi tizilonda ta m'kamwa, tija toyera pakati, tofiira m'mbali, timene timatuluka mkati mwa mlomo kapena pansi pa lilime. Tikatuluka, ndiwo za tomato zimabaya, mchere umabaya, ngakhale kutchula mawu ena kumapweteka. Timapola tokha, koma timabweranso. Kuchipatala anandiyeza magazi, anati palibe china chimene chikuyambitsa, n'kundiuza kuti ndizichukucha madzi amchere. Madzi amchere amathandiza, koma ululu wake pochukuchapo umakugwetsa misozi. Mnzanga wina wa kwaya ndi amene anandilozera kwa mayi a pashopuyi.

Shopu yake ndi yaing'ono, anthu atatu akalowa wachinayi amaima panja. Mashelefu ndi a matabwa a paini, ndipo mizu, makungwa ndi masamba zili m'mabotolo a galasi otsekedwa, osati pa chiguduli pansi monga timaonera pa msika. Pansi ndi posesedwa bwino. Mayi a pashopuyi ndi achikulire ndithu, olankhula pang'onopang'ono, ndipo asanakugulitse chilichonse amayamba akufunsa: wadwala ndani, ali ndi zaka zingati, zayamba liti, akumwa mankhwala anji a kuchipatala. Ena amaona ngati akuchedwetsedwa. Ine ndimaona kuti mafunso amenewa ndi amene akuchititsa kuti shopuyi isiyane ndi anyamata oyenda ndi zimkuzamawu pa siteji ya chapa (maminibasi a kuno), amene botolo limodzi amati limachiza nyamakazi, shuga ndi kusabereka.

Pakhomo pali chitini cha penti, ndipo m'menemo anadzalamo murta wamoyo, wofika m'chiuno. Nditawafunsa kuti masamba amenewa ndi otani, sanayankhe ndi pakamwa. Anathothola tsamba limodzi, laling'ono, losongoka, lonyezimira pamwamba, n'kundiuza kuti ndiliyang'anitse kudzuwa. Tsamba lonse linali ndi timadontho towala tosawerengeka, ngati labooledwa ndi singano. "Mafuta ake amakhala m'menemo, aphunzitsi," anatero. "Tsopano lifikiseni." Nditalifikisa ndi zala, fungo linatuluka lofanana ndi la bulugamu koma lofewa, lotsekemera pang'ono, losalasa m'mphuno. Kenako anatsegula botolo la masamba ouma kuti ndifikisenso limodzi ndi kuyerekeza. Fungo linali lomwelo, locheperako chabe. Umu ndi mmene mungadziwire kuti akukupatsani chinthu chenicheni komanso chosagonera, ndipo mayiwa sakana munthu kuyesa asanalipire.

Murta si chitsamba cha kuno. Kwawo ndi maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, monga Portugal, Italy, Greece, Morocco ndi Tunisia, mpaka kukafika ku Iran. Akatswiri a zomera amachitcha Myrtus communis. Sichiyoyola masamba chaka chonse, chimatha kutalika mpaka mamita asanu, chimachita maluwa oyera onunkhira a timphonje tambirimbiri pakati, ndipo tizipatso take tikapsa timakhala takuda. Amene mumawerenga Baibulo, ndi mtengo uja wa mchisu wotchulidwa kwa Yesaya ndi kwa Zekariya. Thumba lalikulu limene mayiwa amatapamo masamba ndinaliona, lalembedwa m'Chipwitikizi ndipo likusonyeza kuti katunduyo anachokera ku Morocco. Amaoda ku Tete, kwa amwenye ogulitsa zokometsera ndiwo.

Chimene chinanditsegula maso n'chakuti murta ali m'banja limodzi ndi mitengo imene tili nayo pakhomo. Bulugamu, amene anachokera ku Australia, ndi m'bale wake. Gwafa, amene anachokera ku America, ndi m'bale wake. Nyowe ndi katope za m'mphepete mwa mitsinje yathu, zija ana amabwera nazo milomo ili bii, nazonso ndi za banja lomwelo. Ubalewu uli ndi ntchito pa nkhani ya ndalama zanu, chifukwa mphamvu ya murta ili pawiri. Mbali imodzi ndi mafuta onunkhira aja, amene mwa zina muli chinthu chotchedwa cineole, chomwenso chimapatsa bulugamu fungo lake ndi kutsegula m'mphuno. Mbali ina ndi tanini, chimene chimakoka ndi kuumitsa khungu lofewa la m'kamwa ndi la m'matumbo, ndipo masamba a gwafa nawonso ali nacho chambiri. Murta waphatikiza ziwirizi m'tsamba limodzi, ndipo waphatikiza mofatsa. Apa ndi pamene pali ubwino wake, ndipo malire ake ali pomwepanso.

Kapaketi ka masamba ndinagula mametikali 100, ndipo kamakhalitsa chifukwa safuna ambiri. Mayiwa anandilangiza chonchi: kasupuni kamodzi ka tiyi ka masamba ofikisa m'kapu, thirani madzi owira, vundikirani ndi sosala kwa mphindi khumi, sefani, dikirani afunde. Kuvundikira n'kofunika, chifukwa mafuta aja amathawa ndi nthunzi. Mukavundukula mudzaona timadontho pansi pa sosala, tigwetsereni m'kapu momwemo. Madzi ake amatuluka ofiirira pang'ono. Mukachukucha, m'kamwa mumauma ngati mwaluma nthochi yosapsa, ndipo pamapeto pamatsala kuwawa pang'ono ndi kuzizirira kukhosi. Pa chilonda penipeni salasa monga mchere. Ndimachukucha m'mawa ndisanapite ku sukulu, masana ndikatha kudya, ndi usiku pogona, n'kulavula.

Zimene ndaona ine ndi izi. Ululu umachepa msanga, moti ndimatha kudya nsima ndi ndiwo za tomato popanda kupendeketsa mutu. Tizilonda timaoneka kuti tikupola mofulumirirapo kusiyana ndi kale. Koma kubwera sitinasiye. Nyengo ya mayeso, ndikamagona mochedwa ndi kulemba malipoti, timatulukanso monga mwa masiku onse. Choncho amene akufuna mankhwala othetseratu vutoli sawapeza pano. Amene akufuna kudya ndi kuphunzitsa mopanda ululu pamene chilonda chikupola, apeza thandizo lenileni. Pa kusasa mawu, kuchukucha mpaka kukhosi kumafewetsa, ngakhale sindinganene kuti kumaposa madzi ofunda a uchi ndi ndimu. Nkhama zanga, zimene zinkatuluka magazi pang'ono potsuka mano, zinalimbako.

Sikuti mayiwa anangopeka ntchito imeneyi. Anthu a kwawo kwa murta akhala akumugwiritsa ntchito kwa zaka zikwi. Dioscorides, sing'anga wa Chigiriki amene analemba za zitsamba zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, anamulemba. Ibn Sina wa ku Persia, amene anamwalira mu 1037, anamulembanso. Ntchito zimene zimabwerezedwa m'maiko onsewo ndi zomwezomwezo: chifuwa ndi chimfine, kutsegula m'mimba, matenda a mudzi, kutsuka mabala, zilonda za m'kamwa, ndi kuchepetsa kutaya magazi kwambiri kwa amayi akakhala kumwezi. Mukaziyang'ana bwino, pafupifupi zonse zikuchokera ku mphamvu ziwiri zija, kutsegula chifuwa ndi kuumitsa. Ku Ethiopia, kumene amamutcha ades, amayi amanunkhiritsira batala ndi mafuta a tsitsi. Ku zilumba za Sardinia ndi Corsica tizipatso take amapangira chakumwa chaukali chotchedwa mirto, chimene amamwa akatha kudya. Pa za m'kamwa pali ndi kafukufuku wa masiku ano: mu 2010 ofufuza a ku Iran anafalitsa zimene anapeza atayesa phala la masamba a murta pa anthu a tizilonda tobwerezabwereza, ndipo ululu ndi kukula kwa zilonda zinachepa poyerekeza ndi phala lopanda mankhwala. Anthu oyesedwawo sanafike 50, choncho si umboni waukulu, koma ukugwirizana ndi zimene pakamwa panga pakundiuza.

Tsopano mafuta. Kabotolo ka mamililita 10 ndinalipira mametikali 650, ndalama imene kuno ingagule zinthu zambiri za pakhomo. Ndinagula pofuna kufukiza nthawi ya chimfine, madontho awiri kapena atatu m'beseni la madzi otentha, n'kudzifunditsa chitenje. Mphuno zimatseguka, inde. Koma zimatsegukanso chimodzimodzi ndi masamba a bulugamu amene mwana aliyense angakuthyolereni kuseri kwa sukulu kwaulere, monga tonse tinkachitira nthawi ya COVID-19, mu 2020 ndi 2021. Kusiyana kwake n'kwakuti fungo la murta ndi lofatsa, silitsamwitsa, ndipo kwa munthu amene bulugamu amamupweteketsa mutu mwina pamenepo pali phindu. Kwa enafe palibe. Ndinadandaulanso kuona kuti mabotolowo amawaika pa shelefu ya pazenera, pamene dzuwa la masana limawomba. Mafuta oterewa amawonongeka ndi kutentha komanso kuwala, ndipo akawonongeka amatha kuyabwitsa khungu. Ndinawauza mayiwa, anavomera, koma ulendo wotsatira ndinawapeza ali pomwepo.

Pali chinanso chimene ndikufuna makolo amve bwino pa za mafutawa. Si akumwa. Kabotolo kakang'ono kamatuluka m'masamba ochuluka zedi, ndiye mphamvu yake si ya tiyi. Musamwetse mwana, musapake mwana wamng'ono pamphuno, pankhope kapena pachifuwa, chifukwa cineole amatha kumubanikitsa. Pa khungu la munthu wamkulu amafunika kusungunulidwa kaye m'mafuta ena, monga ophikira. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa awatalikire. Mayi a pashopuyi amanena zonsezi ndi pakamwa, koma pa kabotolopo malembo ndi ang'onoang'ono ndipo ndi a chilankhulo chimene ambiri kuno sawerenga. Kapepala ka Chichewa komatidwa pabotolo kakanathandiza kwambiri.

Tizipatso sindichedwapo. Ndinagula kuti ndiyese, koma tinali touma gwa, totuwa, fungo litatha, ndipo pansi pa paketi panali fumbi losonyeza kuti anankafumbwe anayamba kale ntchito. Nditabweza anandibwezera ndalama popanda mkangano, n'kunena kuti sitiyenda malonda ndiye timakhalitsa. Chinthu chosayenda malonda kuli bwino kusiya kuchioda kusiyana ndi kuchisunga pa shelefu mpaka chifumbwe.

Chimene chimandibwezera ku shopuyi, kuposa masamba enieniwo, ndi zimene ndinaona tsiku lina ndikudikira kuti andithandize. Kunabwera bambo wina wowonda, jekete ili lendelende, akutsokomola chifuwa chochokera pansi. Anati wakhala akugwira ntchito ku Moatize, kufumbi la malasha, ndipo wamva kuti pano pali mafuta a chifuwa ochokera kunja. Ndalama anali atazigwira kale m'manja. Mayi aja anafunsa kuti chifuwacho chayamba liti. Bamboyo anati mwezi watha, mwina kuposa. Anafunsanso ngati amatuluka thukuta usiku. Anavomera ndi mutu.

"Achimwene, ndalamazo bwezerani m'thumba," anatero mayiwo. "Ine sindikugulitsani kanthu lero. Pitani kuchipatala akayeze makhololo. Kuyeza n'kwaulere, mankhwala akenso ndi aulere. Akakuuzani kuti si chifuwa chachikulu, mubwere, tidzakambirana."

Bamboyo anaumirira kuti angomupatsa kaye kabotolo kamodzi koti kamuthandize podikira. Mayiwo anakana, ndipo anawonjezera kuti kunyumba asamagone chipinda chimodzi ndi ana mpaka atayezedwa. Anatuluka wosakondwa. Mametikali 650 anatuluka naye pakhomo, pa shopu imene tsiku lina imatha kuweruka itagulitsa timapaketi towerengeka. Chifuwa chopitirira masabata awiri, kuwonda ndi thukuta la usiku ndi zizindikiro zimene aliyense ayenera kuthamangira nazo kukayezetsa TB, makamaka m'chigawo chathu chino cha migodi. Fungo la mafuta likhoza kumupepukitsa munthu pachifuwa kwa kanthawi, iye n'kumaona ngati akuchira, pamene matenda akudya mapapo ndi kufalikira kwa a m'nyumba. Wogulitsa amene amadziwa zimenezi n'kulolera kutaya malonda ndi wosowa.

N'chifukwa chake zimandipweteka kunena kuti shopuyi imasintha nkhope mayiwa akachokapo. Masiku amene apita ku Tete kukaoda katundu, amasiyapo mphwawo, mnyamata wa pakamwa potsekemera. Ndinamumva ndi makutu anga akuuza agogo ena kuti tiyi wa murta amatsitsa shuga, ndipo akamwa mwezi wathunthu mapiritsi a kuchipatala sadzawafunanso. Ndinalowererapo. Ndinati, "Agogo, mapiritsi anuwo musasiye, chonde. Masamba awa ine ndimachukuchira m'kamwa basi." Mnyamatayo anakwiya, nati anthu a ku Turkey amamwa pa matenda a shuga. N'zoona kuti kumeneko ndi kumaiko ena oyandikana nawo anthu akumudzi amatero. Koma chizolowezi cha anthu si chilolezo chouza nkhalamba kuti itaye mankhwala amene akuisunga ndi moyo. Nditawauza mayi aja anakhumudwa ndipo anati amudzudzula. Langizo langa ndi lakuti mukapeza mnyamatayo, gulani chimene mwadzera, za malangizo mudzafunse mayi akabwera. Amene mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, kaya a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena ma ARV, kuchukucha n'kulavula ndi nkhani ina, koma kumwa tiyi wa chitsamba chilichonse tsiku ndi tsiku yambani mwafunsa kuchipatala.

Za kutsegula m'mimba ndinenepo pang'ono, chifukwa amayi anzanga amandifunsa. Munthu wamkulu amene m'mimba mwangosokonezeka akhoza kumwa kapu ya tiyi wa masambawa, ndipo tanini uja amagwira. Koma nsonga za gwafa zimene agogo athu ankawiritsa zimagwira ntchito yomweyo, ndipo gwafa ali pakhomo pa aliyense. Kwa mwana, choyamba ndi timapaketi ta SRO (mchere ndi shuga wosungunula m'madzi akumwa) ndi zinki za kuchipatala, chifukwa chimene chimapha mwana ndi kutha madzi m'thupi. Kutsegula kwa madzi oyera ngati otsukira mpunga, pamene kolera wamveka m'dera monga zinalili m'chigawo cha Tete mu 2023, si nkhani ya masamba ayi. Nyamulani wodwalayo nthawi yomweyo. Pa mfundo imeneyi mayi a pashopuyi amalankhula chimodzimodzi ndi anamwino. Chimodzimodzinso chilonda cha m'kamwa chimene chatha masabata atatu osapola, kapena zoyera zokuta lilime lonse: zimenezo n'zofunika kuonedwa ndi dokotala.

Chimene ndingapemphe kuti akonze msanga ndi timapaketi. Masamba amawatapa m'thumba lalikulu n'kuwaika m'timapulasitiki tomanga mfundo, popanda dzina, popanda tsiku limene anapakira. Munthu akagula mitundu itatu ya masamba, pofika kunyumba sadziwanso kuti awa ndi ati. Ine ndimapita ndi cholembera n'kulemba ndekha, ndipo ndikafika kunyumba ndimawakhuthulira m'botolo louma la galasi, n'kuliika m'kabati mopanda dzuwa. Akasiya kununkhira pofikisa, atha ntchito.

Amalandira mametikali pamanja kapena pa foni kudzera pa M-Pesa ndi e-Mola, ndipo amene mwadutsa pa malire a Calomue kuchokera ku Dedza, kwacha amalandiranso, ngakhale kuti mtengo wosinthira ndi wawo, ndiye kuli bwino kusinthiratu. Amatsegula m'mawa dzuwa likakwera pang'ono ndipo Lamulungu satsegula. Nthawi yabwino ndi m'mawa pakati pa sabata, pamene anthu ali ochepa ndipo mayi ali ndi mpata wofunsa mafunso awo aja. Kapaketi ka mametikali 100 n'kokwanira kuyambira. Amene ali ndi dimba kapena kamunda ka maluwa afunsenso za nthambi yodzala. Mayiwa amadula ku chitsamba cha pakhomo chija pa mtengo wochepa, ndipo amalangiza kuidzala m'dothi la mchenga losasunga madzi, pamalo a dzuwa, chifukwa mvula yathu ya Januwale ikhoza kuoletsa mizu.